Tirigu Wakuseri kwa Chitunda

Amene anandiphunzitsa kuopa ntchentche ndi apongozi anga, a Leander Dinkel. Sindikunena zija zotera pa chakudya ayi, koma tina tating'ono takuda, tooneka ngati udzudzu wodwala, timene timaikira mazira pa masamba a tirigu akangomera. Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatiwe, ndangobwera kudzaonekera kwawo kwa Garrett. Iwo sanandifunse za makolo anga, kapena za sukulu imene ndinaisiyira panjira. Ananditengera kumunda, nsapato zanga zoyendera zili kuphazi, n'kuzula phesi limodzi, kulisenda m'munsi ndi chikhadabo.

"Ukuona chiyani apa, mtsikana wa m'tauni?"

"Tinjere. Ngati chitowe."

"Chitowe! Ndiye tatafuna tione." Anaseka mpaka kutsokomola. "Umu mwagona mphutsi, mwanawe. Yayamwa phesili, yakhuta, yadzitsekera. Tirigu akamati akhwime, phesi limathyokera pomwepa, ngala n'kugwa pansi. Makina satola za pansi."

Ndinawakonda tsiku lomwelo. Bambo anga ondibereka anachoka pakhomo ndili wamng'ono, akuti akukagwira ntchito ku zitsime za mafuta. Poyamba ankabwera, kenako ankangoimba foni, kenako zii. Ndiye kuona mdala wa manja okhakhala akundiphunzitsa kanthu moleza mtima, ndinati mumtima, bambo uja ndamupeza.

A Leander anabadwira m'nyumba imene akugonamo mpaka lero, kuno kumadzulo kwa Kansas. Amasimba kuti ali mnyamata anaona munda wa bambo awo utagona pansi wonse chifukwa cha ntchentche zomwezi, ndipo bambo awowo anakhala pakhonde chilimwe chonse osalankhula ndi munthu. Sukulu anaisiya chaka chomwecho n'kukwera thirakitala. Anakwatira mochedwa. Akazi awo, a Rosella, anamwalira ana atakula kale, ndipo kuchokera pamenepo amadziphikira okha mazira ndi khofi wakuda bii, m'mawa ndi madzulo omwe. Ana ndi awiri. Wamkulu ndi Royce, woweta ng'ombe, munthu wa mawu ochepa. Wamng'ono ndi Garrett, mwamuna wanga, amene anatengera bambo ake kukonda tirigu ngakhalenso kayendedwe.

Tikakolola mu Juni kapena Julayi, njere zina zimatayikira m'munda, ndipo ikagwa mvula zimamera zokha pakati pa ziputu. Tirigu womera yekhayo ndiye nyumba ya ntchentche m'miyezi yotentha. Zimaswana mmenemo, kudikira wathu wodzala mu Okutobala. Choncho aliyense amayenera kumupha msanga, kaya pogalauza dothi, kaya popopera mankhwala, kuti minda ikhale youma kwa milungu ingapo, ntchentche zife ndi njala, zotsalazo zimalizidwe ndi chisanu choyamba. Ukamusiya wako, sudzipweteka wekha. Mphepo imanyamula tizilomboto n'kukatitula kwa mnzako.

Lamulo la boma pa zimenezi palibe. Lamulo anali a Leander. Ogasiti akafika ankayenda m'misewu yafumbi ndi pikapu yawo yakale, pang'onopang'ono, chigongono chili pawindo. Akaona kubiriwira m'ziputu za munthu ankatsika, kuzula kamtolo m'mphepete mwa ngalande, n'kukasunga mpaka Lamlungu. Anthu potuluka mu Misa ankapeza kamtoloko kali pa galasi la galimoto ya mwini munda, dothi lili lendee.

"Leander, wandipatsa maluwa? Mkazi wanga aganiza zina!" Ameneyo anali Marvin, mnzawo wa paubwana, amene ankalandira kamtolo pafupifupi chaka chilichonse.

"Ndakubweretsera ziweto zako, Marvin. Zinasochera kumsewu."

"Ndipopera Lachiwiri, a Bishopu. Ndikhululukireni machimo anga."

"Lolemba. Lachiwiri ndi la aulesi."

Ankawatcha Bishopu wa Ziputu, ndipo dzinalo ankalikonda ngakhale ankanamizira kukwiya nalo. Koma m'munda mwa munthu sankalowamo. Kuno palibe amene amaponda m'munda mwa mnzake asanaitanidwe. Munda wa mnzako umauonera pamsewu, basi. Kulowamo kuli ngati kutsegula kabati ya kuchipinda kwa eni.

Chaka chatha ine ndi Garrett mwayi unatigwera. Mayi Irlene Staab, wamasiye wokalamba amene anasamukira m'tauni, anatibwereka munda wawo ndi nyumba yake yomwe. Uli kumpoto kwa munda wina wa apongozi anga, pakati pali msewu wokha. Ana a mlongo wawo ankafuna mundawo upite kwa kampani ina yolima minda yambirimbiri, koma mayiwo anati, "Ndiyambe ndamuona mwana wa Leander. Chaka chimodzi. Akakolola ngati bambo ake, mukhale mpaka ine nditafa." Apongozi anga analipo ponenedwa mawu amenewo. Ndi iwo amene anatikonzera mpope wa madzi, ndi iwo anatipatsa mbewu ya m'nkhokwe mwawo, ndipo tsiku lobadwa mwana wathu Junie anakhala pa benchi kuchipatala tsiku lonse, jombo zamatope zili kuphazi, anamwino akuwazungulira ndi chokolopera.

Garrett anandiuza poyera kuti zikakanika kuno, chotsala n'kupita kumpoto ku zitsime za mafuta, kumene anapita anzake ena. Ananena akutsuka mbale, ngati nkhani wamba. Kuyambira tsiku limenelo munda uja sindinkauona ngati munda. Ndinkauona ngati chingwe chimene chamangirira mwamuna wanga pakhomo.

Chaka chimenecho chinayamba ndi chilala. Msipu unapsa, ng'ombe za Royce nthiti zinayamba kuoneka. Ndiye mu Juni, tirigu wa apongozi atatsala pang'ono kukololedwa, matalala anagwa pa munda uja wa patsidya pa msewu. Anapuntha ngala zonse, njere zonse pansi. Itagwa mvula ya mu Ogasiti munda wonsewo unamera ngati wodzala dala, wobiriwira mpaka maso kuwawa.

Mundawo uli ndi chitunda pakati. Ukakhala pamsewu, kapena pawindo lathu, umaona mbali imodzi yokha. Inayo imatsetserekera kuseri, kumene kuli khwawa. Sabata yotsatira tinaona thirakitala ya apongozi ikupopera, ndipo patapita masiku mbali yoyang'ana kwathu inasanduka yachikasu, kenako inauma. Garrett anati, "Waona? Bishopu amayamba ndi kwake."

Vuto langa ndi lakuti ndimaona zinthu. Mwana akamayamwa umakhala pawindo nthawi yaitali. Ndinaona kuti thirakitala ija inabwerera kwawo dzuwa lisanafike pamutu, chonsecho munda wonsewo umadya tsiku lathunthu. Tsiku lina titapita kukabwereka makwerero m'shedi mwawo, ndinaona zigubu za mankhwala zili ndandanda, zambiri zosatsegula, ndipo mpukutu wa waya wamagetsi umene unkapachikidwa pakhoma panalibe. Ndinaonanso ndowe pa jombo zawo, pomwe iwo ng'ombe anasiya kalekale.

Ndinawafunsa Lamlungu lina, atabwera kudzadya nafe mabanzi a nyama ndi kabichi m'kati. Anali atamuika Junie pabondo, akumuimbira kanyimbo kopanda mutu.

"Bambo, kuseri kwa chitunda kuja munapoperakonso?"

Garrett anandiponda phazi pansi pa tebulo.

"Tamvera, Junie," iwo anatero osandiyang'ana, "amayi ako akufuna kundilanda ubishopu. Mtsikana wa m'tauni!"

"Ndangofunsa, Bambo. Mphepo imachokera kumeneko."

"Ndinapopera, Shayla. Konse. Umuuze mwamuna wako adzale nthawi ikakwana, asaope kanthu."

Ponena mawu amenewo anandiyang'ana m'maso. Ndimabwerera pamenepo kawirikawiri, kufunafuna ngati panali kanthu pankhope pawo kamene ndinakaphonya. Sanaphethire n'komwe.

Atapita, Garrett anandikalipira. "Munthu amene dera lonse limamuopa pa nkhani imeneyi, iwe ukumufunsa ngati wasamba m'manja?" Ndinapepesa. Ndinachita manyazi zenizeni.

Tinadzala kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi imene alangizi amati ntchentche zimakhala zatha. Koma chisanu chinachedwa. Masana kunkatentha ngati mu Ogasiti, mphepo ya kummwera osaleka. Tirigu wathu anamera bwino, mizere yowongoka, ndipo Garrett ankaima pakhonde m'mawa uliwonse ndi kapu ya khofi, akumwetulira yekha.

Tsiku lina masana ndikuyanika zovala za mwana, mphepo ija inabweretsa kulira kwa ng'ombe. Kummwera kwathu kulibe woweta. Ndinamumangirira Junie pachifuwa, ndinamufunditsa kansalu koyera, ndinadumpha msewu n'kulowa m'munda mwa apongozi anga. Ndinkadziona ngati ndikukaba. Ndinayenda m'ziputu zouma zija mpaka pamwamba pa chitunda.

Kuseri kunali kobiriwira mpaka kukhwawa. Ng'ombe za Royce zili mbwee, zonenepa, ana ake akudumphadumpha. Waya uja atamuzunguliza, thanki ya madzi ili pakona, ndipo njira ya matayala inkachokera kumbuyo, kumene sikudutsa munthu. Nditayang'ana pansi, pa kansalu ka mwana panali patatera tinthu takuda tamiyendo yaitali, tofookafooka. Ndinatisasa ngati tingamulume.

Pobwerera ndinagwada m'munda mwathu. M'mizere ya kumsewu tirigu anali ndi masamba otambalala, obiriwira moderapo, wokongola kwa munthu wosadziwa. Ndinazula, ndinasenda ndi chikhadabo. Mphutsi zoyera zinali zitakakamira m'munsi, zina zitayamba kale kufiirira. Zikalowa mmenemo mankhwala sazifika. Zimenezonso anandiphunzitsa ndi eni ake omwewo.

Apongozi ndinawapeza m'shedi mwawo akunola mpeni wa makina.

"Wabwera wapansi ndi dzuwa limeneli? Umupsereza mwanayo."

"Ndachokera kuseri kwa chitunda."

Anazimitsa chonolera. Anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Unalowa m'munda mwanga."

"Ndinalowa. Munandiuza kuti munapopera konse."

"Khala pansi, Shayla."

"Sindikhala."

"Royce akanagulitsa ng'ombe zonse mwezi womwe uja. Ukudziwa zimenezo? Udzu wogula anthu ankachita kulimbirana. Ng'ombe zimene zija ndi mbumba ya zimene anasiya amayi ake. Ndinamupeza m'khola atakhala pansi, mfuti ili pambali, akuti ndi ya ankhandwe. Masanasana! Ine ndinabala ana awiri. Wina amamira, wina anangonyowa mapazi. Iwe chingwe ukanaponyera uti?"

"Mukanatiuza. Tikanadikira, tikanadzala mochedwa, kaya kudzala china. Chimene chinkafunika n'kutsegula pakamwa basi."

"Ndikanamuuza Garrett, Lamlungu lomwelo tchalitchi chonse chikanadziwa. Nkhope yake ija sisunga kanthu." Anayang'ana panja. "Ndinkati chisanu chibwera msanga. Zaka zonsezi chimabwera."

"Ndiye munabetcha nyumba ya mwana wanga."

"Tirigu amadzalidwanso chaka chamawa, mwanawe. Ng'ombe ikapita yapita."

"Ife chaka chamawa tilibe, Bambo. Munalipo pamene mayi Irlene ankalankhula."

Anatambasula manja kuti anyamule Junie, monga ankachitira nthawi zonse. Ndinabwerera m'mbuyo.

Nditamuuza Garrett, funso lake loyamba linali lomwe lija: "Unalowa m'munda mwa Adadi?" Kenako anatenga pikapu n'kupita. Anabwerako maso ali psuu, ndipo anandipempha chinthu chimodzi.

"Usauze munthu. Anthu akamva, mdala uja watha. Chimene ali nacho ndi dzina lokha."

"Nanga ife tili ndi chiyani?"

"Mwina chisanu chipha zambiri. Mwina tirigu aphukanso. Tiye tidikire, Shay, chonde."

Ndinavomera. Anthu a banja limeneli chisanu amachikhulupirira kuposa Mulungu.

Ng'ombe zinachotsedwa sabata yomweyo, kuseri kuja kunagalauzidwa, osatsala ndi chizindikiro chomwe. Royce sanaponde pakhomo pathu. Pa Khirisimasi anatitumizira nyama yodzaza bokosi, popanda uthenga uliwonse. Ndinakaipereka kwa ansembe kuti agawire osowa. Apongozi anga ankabwerabe Lamlungu lililonse, ankadya, ankayamikira chakudya, ankakamba za nyengo. Ine ndinkaphika n'kukakhala kuchipinda. Nyengo yonse yozizira ndinkamvetsera Garrett akamalankhula pafoni panja, kuti ndimve ngati akulankhula ndi anzake a kumpoto aja.

Chisanu chitatha, mizere ya kumsewu inali ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Tirigu wotsalayo anakula, anatulutsa ngala, ine n'kuyamba kudzinamiza kuti mwina tapulumuka. Koma mphutsi zija zinali zitagona miyezi yonseyo m'munda mwathu momwemo. Kutafunda zinasanduka ntchentche n'kuikira mazira ena, ulendo uno munda wonse. Mu Juni kunawomba mphepo tsiku limodzi, mphepo wamba, ndipo mapesi anathyoka. Munda unkaoneka ngati mwagubuduka ng'ombe. Garrett anatsitsa makina mpaka kukanda dothi, koma zimene anatola sizinali zoti n'kuonetsa munthu.

Lamlungu lotsatira panja pa tchalitchi amuna anamuzungulira.

"Unathamangira kudzala, mphwanga. Magazi achinyamata amenewo."

"Mwana wa Bishopu kudyetsa ntchentche!" anatero Marvin. "Leander, katekisimu sunamuphunzitse?"

Apongozi anga anali pomwepo, chipewa chili m'manja. Ndinawayang'anitsitsa. Sindinkafuna kuti aulule zonse. Ndinkangofuna anene kuti mwanayu sanalakwe kanthu. Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Aphunzira. Tonsefe tinayamba choncho."

Garrett anawerama, makutu ali psuu, anthu akumusisita pamsana.

Mayi Irlene anabwera m'kati mwa sabata, akuwayendetsa mwana wa mlongo wawo. Sanatsike. Anatsitsa galasi, anayang'ana munda, anapukusa mutu. Garrett anali kushedi. Ndinathamangira kugalimotoko mwana ali m'manja, ndipo lonjezo lija ndinaliswa pomwepo. Ndinawauza za matalala, za chitunda, za ng'ombe, zonse.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. "Mwana wanga, Leander ndamudziwa kuyambira tili pasukulu. Iyeyo anawachititsapo manyazi malemu amuna anga pa tchalitchi chifukwa cha kamzere kamodzi kobiriwira. Munthu ameneuja angasiye theka la munda? Watopa ndi mwanayu, ndikumvetsa. Koma usamadetse akulu chifukwa chakuti mwamuna wako zamukanika."

"Afunseni, mayi. Afunseni ine ndili pomwepo."

"Sindingamunyoze choncho."

Galasi linakwera. Mnyamata woyendetsa uja anatiuza kuti nyumba ikhale itatulukidwa Julayi asanathe.

Garrett ananyamuka ulendo wa ku zitsime za mafuta Lolemba lina m'mawa ndi chikwama chimodzi. Anati azibwera mwezi uliwonse, aziimba foni tsiku lililonse. Zakuti ndinauza mayi Irlene anali asanandikhululukire bwinobwino. Anapsompsona mwana, ine anangondigwira paphewa.

Fumbi lake lisanathe, apongozi anga anafika kudzanyamula katundu wathu, pikapu yawo ikukoka ngolo yonyamulira ng'ombe ya Royce, ataitsuka ndi paipi, madzi akudonthabe.

"Chipinda chimene ankasokeramo amayi ake a Garrett kwathu kuja ndachikonza. Ndapenta. Windo lake likuyang'ana kum'mawa, mwana azidzuka ndi dzuwa. Usakafune nyumba m'tauni ngati ulibe kwanu."

"Azakhali anga andipatsa chipinda kuseri kwa saluni yawo."

"Kuseri kwa saluni! Mwana azikapuma fungo la mankhwala a tsitsi? Usachite makani, Shayla. Ameneyu ndi magazi anga."

"Pitani kwa mayi Irlene mukawauze zimene munachita. Ndi kampani ija sanagwirizanebe. Inu akukhulupirirani. Mukapita panopa ndimuimbira Garrett, abwerera asanafike n'komwe."

Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. Ndinaona kuti akalamba chaka chimenechi, kolala ya shati inali itawakulira. Anayang'ana msewu wa kutauni, ndipo kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti apita.

"Bedi la mwana lilowa m'kagalimoto kakoko?" anafunsa.

"Lilowa ndikalimasula."

Anatulutsa sipanala m'thumba, analowa m'nyumba, anagwada n'kuyamba kulimasula mosamala, timabawuti akutiika m'kapu kuti tisatayike. Ndinaima pakhomo ndi Junie kuwayang'ana mpaka anamaliza. Matabwa ananyamula okha kukaika m'galimoto, anawamanga ndi chingwe, anakoka mfundo kuti aone ngati yalimba.

"Mwanayu ndizimuona liti?"

"Tchalitchi si changa, Bambo. Aliyense amalowamo."

Ngolo ija inabwerera yopanda kanthu, ikulira m'maenje a msewu. Ndinamumangirira Junie pampando wake, ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumuika pansi pa mwala wa pakhonde monga anatiuzira.